Makatuni a Chingerezi osachokera ku Disney: musankhe a Aardman, Cartoon Saloon, Laika kapena Triggerfish?

Mukapita kwa anyamata oika mafilimu m'mafulashi n'kunena kuti "ndiikireniko makatuni a ana," zimene mubwere nazo n'zodziwikiratu: za Disney, Pixar, DreamWorks ndi tianthu tachikasu ta Illumination tija. Komatu kunjaku kuli makampani ang'onoang'ono amene amapanga makatuni a Chingerezi oti mungawaonere kakhumi osatopa nawo. Chovuta n'chakuti awa satoledwa mwachisawawa. Ena ndi ofewa moti mwana wa zaka zinayi amaseka mpaka kugubuduka pamkeka. Ena pachikuto amaoneka a ana, koma angamusowetse mwana tulo sabata yathunthu. Dzina la kampani yomwe yapanga filimuyo limakuuzani zambiri kuposa chithunzi cha pachikuto, choncho tiwayeza kampani ndi kampani.

## Zoyenera kuyeza musanasankhe

Mtengo. Kwa ambiri ndalama yeniyeni imapita ku bandulo. Pa Netflix, chithunzi chapakatikati chimadya pafupifupi 0.7 GB pa ola, pamene cha HD chimafika 3 GB pa ola. Filimu ya mphindi 90 ikhoza kukudyerani 1 GB kapena 4.5 GB malinga ndi mmene mwatchera. Pamwamba pa izo pali malipiro a pamwezi, kapena mtengo wa chimbale.

Kapezekedwe. Disney ili ndi sitolo yakeyake ya pa intaneti, ndiye mafilimu ake ali pamodzi. Makampani ang'ono alibe. Amagulitsa ufulu woonetsa filimu iliyonse payokha, nthawi zina dziko ndi dziko, n'chifukwa chake mafilimu a kampani imodzi amapezeka atamwazikana. Filimu imene m'bale wanu wa ku Leeds akuiona pa Netflix ikhoza kusaoneka mukatsegula muli ku Lilongwe kapena ku Chipata. Kutsutsa galu n'kukumba: fufuzani dzina la filimuyo musanalipire.

Kasungidwe. Filimu yokopera mu Netflix si yanu. Ina imatsekeka pakatha maola 48 mutayamba kuionera, ndipo mukasiya kulipira zonse zimatsekeka. Zimbale za DVD zimapangidwa kuti ziziwerengeka pa makina a chigawo chake cha dziko lapansi: za ku Britain ndi South Africa ndi chigawo 2, za ku America ndi chigawo 1, pamene Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'chigawo 5. Makina ambiri otchipa amawerenga zigawo zonse, koma a mayina otchuka amakana. Pa Blu-ray zinthu n'zosavutirapo chifukwa Africa ndi Ulaya onse ali m'chigawo B.

Zochenjera nazo. Apa pali mafunso awiri. Kodi pafunika Chingerezi chochuluka bwanji kuti nkhani imveke? Nanga nkhaniyo ndi yolemera bwanji pamtima wa woonerayo?

## Aardman, ku Bristol

Peter Lord ndi David Sproxton anayambitsa kampani ya ku England imeneyi mu 1972. Amaumba zidole ndi dongo lofewa losauma, n'kumazisuntha pang'onopang'ono akujambula chithunzi chimodzichimodzi. Sekondi imodzi ya filimu imafuna zithunzi 24, ndipo mukayang'anitsitsa pankhope za zidolezo mumaona zidindo za zala za amene amaziumba. Otchuka ndi Chicken Run (2000), Wallace & Gromit: The Curse of the Were-Rabbit (2005) yomwe inapata Oscar, Shaun the Sheep Movie (2015), Farmageddon (2019) ndi Vengeance Most Fowl (2024).

Mtengo. Otsika kuposa onse. Mafilimuwa ndi aafupi, ambiri mphindi 80 mpaka 90, ndipo ndi owala, kotero amaonekabe bwino ngakhale mutatsitsa chithunzi. Shaun the Sheep Movie ndi mphindi 85, ndiye kuti 1 GB ikukwanirani. Tizigawo ta Shaun ta pa TV, ta mphindi 7, timapezeka kwaulere patsamba lake lovomerezeka la YouTube, ndipo ndi njira yabwino yoyesera ngati ana awakonda musanawononge ndalama.

Kapezekedwe. Omwazikana kwambiri, chifukwa Aardman yagwirapo ntchito ndi DreamWorks, kenako Sony, kenako StudioCanal, ndipo masiku ano Netflix. Atsopano, monga Chicken Run: Dawn of the Nugget (2023) ndi Vengeance Most Fowl, ndiwo osavuta kupeza pa Netflix, ngakhale kuti ku Britain Vengeance Most Fowl inatulukira pa BBC. Akale amabwera n'kuchoka. Ngati muli ndi wachibale ku Britain, zimbale zakale za Aardman zimapezeka motchipa m'masitolo ogulitsa zinthu zogwiritsidwapo kale.

Kasungidwe. Awa ndiwo oyenera kukhala nawo pachimbale, popeza mwana amafuna kuwabwereza mawa ndi mkuja. Kulipira bandulo kakhumi pa filimu imodzimodzi n'kutaya ndalama.

Zochenjera nazo. Mafilimu a Shaun alibe mawu olankhula ngakhale amodzi. Nkhosa zimangolira, mlimi amangong'ung'udza, nkhani yonse ili m'zochita. Agogo osamva Chingerezi amaseka limodzi ndi mdzukulu amene sanayambe sukulu. Koma Wallace ndi nkhuku za mu Chicken Run amalankhula Chingerezi cha kumpoto kwa England, chomeza mawu, ndipo nthabwala zambiri zabisika m'kuseweretsa mawu ndi m'zolembedwa pazikwangwani. Amene anaphunzira Chingerezi cha m'kalasi amaphonya gawo la nthabwalazo ngati mawu olembedwa pansi palibe. Zoopsa n'zochepa. Kumayambiriro kwa Chicken Run nkhuku imene yasiya kuikira imaphedwa ndi nkhwangwa, ndipo timangoona chithunzithunzi chake pakhoma. Makolo a ku Ulaya amachenjezana za malo amenewa, koma mwana amene anagwirirapo miyendo ya nkhuku pa Khrisimasi sangaphethire n'komwe.

## Cartoon Saloon, ku Kilkenny

Iyi ndi ya ku Ireland, inayamba mu 1999, ndipo eni ake ndi Tomm Moore, Nora Twomey ndi Paul Young. Amajambula pamanja, zithunzi zafulati zodzaza ndi mizere yopotapota ngati ya pansalu. Mafilimu awo anayi oyamba onse anapikisana nawo pa Oscar: The Secret of Kells (2009), Song of the Sea (2014), The Breadwinner (2017) ndi Wolfwalkers (2020).

Atatu mwa iwo amachokera m'nthano za ku Ireland, ndipo amene anakulira pa "padangokhala" adzazindikira kayendedwe kake. Mu Song of the Sea, mnyamata Ben amaipidwa ndi mlongo wake Saoirse chifukwa mayi awo anasowa usiku umene iye anabadwa. Mtsikanayo wafika zaka 6 osalankhula, ndipo kumapezeka kuti ndi wa mtundu wa anthu amene akalowa m'nyanja amasanduka nyama za seal. Muli gogo wa akadzidzi amene amachotsa chisoni mwa anthu n'kuchitsekera m'mabotolo, koma wochotsedwa chisoniyo amasanduka mwala. Wolfwalkers ikuchitika mu 1650, asilikali a ku England akulamulira Kilkenny n'kumadula nkhalango kuti amalize mimbulu. Taonani mmene anajambulira: m'tauni mizere ndi yowongoka, yolimba ngati mpanda wa ndende, pamene m'nkhalango mizere ya pensulo inasiyidwa yosafufuta, yoyenda mwaufulu.

Mtengo. Zithunzi zafulati sizidya bandulo yambiri kuti zioneke bwino, ndiye chapakatikati chimakwana pafoni. Pa TV yaikulu ndi bwino kulipirako HD, makamaka pa The Secret of Kells, yomwe ndi mphindi 75 zokha ndipo kukongola kwake kuli m'timizere tating'ono totengera buku lakale la Mauthenga Abwino lomwe limasungidwa ku Trinity College ku Dublin. Wolfwalkers ndiyo yaitali, mphindi 103.

Kapezekedwe. Apa ndi pamene pali vuto. Wolfwalkers inatulukira pa Apple TV+ (masiku ano imangotchedwa Apple TV), yomwe sipezeka m'dziko lililonse ndipo imafuna khadi yolipirira imene Apple ikuvomera. My Father's Dragon (2022) ndi ya Netflix, yosavuta kupeza, koma mwa mafilimu awo onse ndiyo yopepukirapo, ndipo si poyambira pabwino. Enawo amasinthasintha malo.

Kasungidwe. Ngati mukulembetsa Apple TV+ chifukwa cha filimu imodzi, lembani tsiku loti muimitse, chifukwa ndalama imachoka yokha mwezi ukatha. Song of the Sea ndiyo yoyenera chimbale. Nyimbo zake zimafuna sipika yabwinoko. Pa sipika ya foni theka la filimuyo limatayika.

Zochenjera nazo. Chingerezi chake n'chapang'onopang'ono, chomveka, ngakhale mayina a Chiairishi amalembedwa mwina n'kutchulidwa mwina (Saoirse amati "Sirsha"). Zolemera zili pamtima. M'nyumba imene mwachitika maliro a mayi posachedwa, Song of the Sea ikhoza kutsegula bala, choncho wamkulu akhale pafupi. The Breadwinner ndi nkhani ina. Ikuchitika ku Kabul mu ulamuliro wa Taliban, ndipo mtsikana Parvana amameta tsitsi n'kuvala ngati mnyamata kuti azitha kupita kumsika bambo ake atamangidwa. Muli kumenyedwa kwa mayi pamsewu. Ku America anaiika pa PG-13, ku Britain 12A, zizindikiro zochenjeza makolo a ana osakwana zaka 13 ndi 12. Si ya ana a pulayimale ya m'munsi, koma kwa a sekondale ndi imodzi mwa zabwino kwambiri pamndandanda wonsewu.

## Laika, ku Oregon

Laika ndi ya ku America, inayamba mu 2005, ndipo mwini wake ndi Phil Knight, amene anayambitsa nawo Nike. Mwana wake Travis Knight ndiye amaitsogolera. Ndiye "kampani yaing'ono" apa sikutanthauza yosauka. Nawonso amajambula zidole, koma nkhope zake amazisindikiza ndi makina a 3D, masauzande ambirimbiri, n'kumasintha nkhope pa chithunzi chilichonse. Mafilimu awo asanu oyamba ndi Coraline (2009), ParaNorman (2012), The Boxtrolls (2014), Kubo and the Two Strings (2016) ndi Missing Link (2019).

Mtengo. Okwera kuposa onse, pachifukwa chimene ambiri sachiganizira. Mafilimuwa ndi amdima: usiku, nkhungu, zipinda zapansi. Mukatsitsa chithunzi, malo akuda amasweka n'kukhala timabokosi, ndipo ulusi wa juzi yolukidwa pamanja ya chidole, womwe ndi umene mwabwerera, suonekanso. Coraline ndi mphindi 100. Konzani 5 GB, kapena dikirani mukapeze WiFi.

Kapezekedwe. Anayi oyamba anafalitsidwa ndi kampani ya Focus Features, ndipo zimbale zake zilipo zambiri. Coraline ndiyo imapezeka paliponse, ngakhale kwa oika m'mafulashi. Missing Link ndi yosowerapo. Inawononga pafupifupi madola 100 miliyoni n'kubweza ochepera 30 miliyoni m'nyumba zoonetsera mafilimu, ngakhale inapata mphoto ya Golden Globe.

Kasungidwe. Blu-ray ya chigawo B ndiyo yabwino ngati makina muli nawo. Onerani madzulo nyali zitazimitsidwa, chifukwa masana dzuwa likawomba pagalasi la TV simuona kanthu.

Zochenjera nazo. Onse asanuwa ali pa PG, kutanthauza kuti ana angaonere motsogozedwa ndi makolo, koma PG ameneyu musamukhulupirire. Mu Coraline, mtsikana amapeza kachitseko kopita kunyumba ina kumene kuli "mayi ena" okoma mtima, ophika bwino, koma m'malo mwa maso ali ndi mabatani, ndipo amafuna kusokera mabatani pamaso pa mwanayo kuti akhale komweko mpaka kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ndiyo nkhani yake yonse, ndiponso ndi mmene filimuyo imapusitsira makolo. Mwana wosakwana zaka 9 kapena 10 musamusiye nayo yekha. ParaNorman ikunena za mnyamata woona mizimu, akufa odzuka kumanda, ndi temberero la mtsikana amene anaphedwa pomunamizira ufiti. Filimuyo ikudzudzula gulu la anthu lothamangira kuweruza, ndipo kwa ife amene timadziwa zimene zimachitika mwana kapena gogo akalozedwa chala, uthengawo ndi wakuthwa. Komabe m'mabanja ena mawu akuti mfiti okhawo ndi okwana kuzimitsa TV, choncho ionereni kaye nokha. Kubo imayamba ndi mwana wa diso limodzi, linalo analichotsa agogo ake aamuna. Missing Link yokha ndiyo yopepuka.

## Triggerfish, ku Cape Town

Iyi ndi yapafupi ndi kwathu. Inayamba mu 1996 ndipo imapanga makatuni a pakompyuta. Adventures in Zambezia (2012) ndi nkhani ya mzinda wa mbalame womangidwa mumlambe pafupi ndi mathithi a Victoria. Khumba (2013) ndi mbidzi yobadwa ndi mizere theka la thupi lokha, ndipo anzake amainena kuti ndiyo yamanga mvula. Seal Team (2021) ili pa Netflix. Anapanganso Supa Team 4 (2023), ya m'zigawozigawo, yomwe anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo atsikana anayi ake amakhala mu Lusaka wa m'tsogolo.

Mtengo. Wotsika. Zambezia ndi Khumba sizifika mphindi 90, ndipo ndi zowala.

Kapezekedwe. Seal Team ndi Supa Team 4 zili pa Netflix. Zimbale za ziwiri zoyambazo zinagulitsidwa ku South Africa, chigawo 2.

Kasungidwe. Kukopera mu Netflix n'kokwana. Si mafilimu amene wamkulu angafune kuwabwereza.

Zochenjera nazo. Tinene zoona: kalembedwe ka nkhani sikafika pa ena atatu aja, ndipo zithunzi za 2012 zayamba kuoneka zakale. Pofuna msika wa kunja anatenga mawu a akatswiri a ku Hollywood, monga Samuel L. Jackson mu Zambezia, ndiye mbalame ya pa Zambezi imalankhula ngati ya ku California. Ubwino wake, Chingerezicho n'chosavuta kwa mwana wozolowera TV, ndipo nyumbu, nthiwatiwa, mlambe ndi chilala ndi zinthu zimene akuzidziwa. Kambuku wa mu Khumba angaopseze wa zaka zitatu, basi.

## Mafilimu oima paokha

Pali ena amene kampani yake simungaitsatire ngati mmene mungachitire ndi zinayi zija.

Mtengo ndi kapezekedwe. Klaus (2019), yopangidwa ku Madrid ndi Sergio Pablos, ndi Pinocchio ya Guillermo del Toro (2022), yomwe inapata Oscar, zonse ndi za Netflix, ndiye zimapezeka kulikonse kumene Netflix ili ndipo sizichokachoka. Mwezi umodzi wolipira ukukwana kuonera ziwirizi pamodzi ndi za Aardman zatsopano ndi za Triggerfish. Mary and Max (2009) ya Adam Elliot wa ku Australia, Loving Vincent (2017) ndi Watership Down (1978) ndi zosowa, zofunika kuzisaka.

Kasungidwe. Za Netflix zimadalira kulipira. Zinazo, mukapeza chimbale gwiritsitsani. Loving Vincent imafuna HD: zithunzi zake pafupifupi 65,000 anazipaka ndi penti ya mafuta anthu oposa 100, ndipo chithunzi chotsika chimafufuta mikwingwirima ya burashi.

Zochenjera nazo. Klaus ndi ya banja lonse: mnyamata waulesi wa positi amatumizidwa ku tauni ya kuchisanu kumene mabanja awiri akhala akumenyana kuyambira makolo, ndipo sabwerako mpaka atatumiza makalata 6,000. Pinocchio iyi si ya Disney ija. Ikuchitika ku Italy mu ulamuliro wankhanza wa Mussolini, imayamba ndi imfa ya mwana pa bomba, ndipo bambo amasema chidolecho ataledzera ndi chisoni. Mary and Max ndi ya akuluakulu, muli uchidakwa, kusungulumwa ndi kufuna kudzipha. Memoir of a Snail (2024) ya mlembi yemweyo ili pa R ku America, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 aonere ndi wamkulu. Watership Down ndiye msampha wakale: akalulu okongola pachikuto, koma m'kati akung'ambana makutu, wina akutsamwa mumsampha wa waya magazi ali m'kamwa. Ku Britain inakhala zaka zoposa 40 ili pa U, kutanthauza ya aliyense, kenako anaikweza kukhala PG.

## Za mafulashi

Mafilimu oikidwa kumsika ndi okopedwa popanda chilolezo, ndipo kampani ngati Cartoon Saloon imamva kuwawa kwake kuposa Disney. Palinso mavuto a pompopompo. Woikayo amaponya chilichonse chojambulidwa m'foda ya "ana," ndiye Coraline kapena Mary and Max imakhala pakati pa Shaun ndi Khumba. Mawu olembedwa pansi nthawi zambiri sakhalapo, kapena amakhala m'kafayilo kena ka .srt komwe sikagwira ngati dzina lake silikufanana ndendende ndi la filimu. TV zakale zimakana mafayilo a kanema a mtundu watsopanoko wotchedwa H.265, n'kungotulutsa mawu opanda chithunzi. Fulashi yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB. Ndipo fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri imabwera ndi mavayirasi.

## Ndiye musankhe iti?

Ngati pabwalo pakhala agogo, ana aang'ono ndi alendo osamva Chingerezi, tengani Shaun the Sheep Movie kapena Farmageddon. Palibe wofunika kumasulira. Ngati bandulo yatsala 1 GB, yankho ndi lomwelo.

Mwana wa zaka 5 mpaka 8 amene akuphunzira Chingerezi muyambitseni ndi Khumba kapena Supa Team 4, kenako Klaus. Chicken Run ibwere akatha kuwerenga mawu a pansi mwachangu.

Wa zaka 8 mpaka 12 wokonda nthano, kapena wokonda kujambula m'mphepete mwa kope, mupatseni Song of the Sea ndi The Secret of Kells, ndipo Wolfwalkers ngati Apple TV+ ikupezeka kumene muli. Coraline ndi Kubo ndi za amene amapempha yekha zoopsa, ndipo zionedwe Loweruka madzulo wamkulu alipo, osati usiku woti mawa kuli sukulu.

Mphunzitsi wa sekondale kapena wotsogolera gulu la achinyamata wofuna filimu yoyambitsa zokambirana atenge The Breadwinner pankhani ya maphunziro a atsikana, kapena ParaNorman pankhani yonamizira anthu ufiti, atawadziwitsa kaye makolo.

Amene akulipira Netflix mwezi umodzi wokha wa tchuthi akopere pa WiFi Klaus, Vengeance Most Fowl, Seal Team, ndi Pinocchio ya ana okulirapo. Wotumiza mphatso kuchokera ku Britain kapena Johannesburg agule zimbale za Aardman ndi Song of the Sea, atafunsa kaye ngati makina a kunyumba amawerenga chigawo 2. Ndipo wamkulu amene ana agona, wofuna kuona zimene dongo ndi penti zingachite, asake Mary and Max kapena Loving Vincent, n'kuzisunga kutali ndi foda ya ana.